Ana olumala nawonso amafuna kusewera

A Mkonzi,

Mwana wanga wa zaka 9 amayendera njinga ya olumala. Loweruka lapitali ndinapita naye kumalo ena osewerera ana mu Blantyre muno. Kondakitala wa minibasi anatilipiritsa mpando wa njingayo. Titafika, pakhomo masitepe okhaokha. Ndinamubereka mpaka mkati, koma akatungwe onse analibe chotsamira, moti anangokhala pa kapinga, dzanja lili patsaya, n'kumaonerera anzake. Pobwerera sanayankhule njira yonse.

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo ndime 30 imatchula masewera ndi zosangalatsa. Chonde a khonsolo ya mzinda, musanapereke chilolezo kumalo otere, muziyamba mwaona ngati njinga ingalowe, mpaka kuchimbudzi komwe. Ana athuwa atopa kubindikira m'nyumba.

Mayi wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre