Kwa eni galaja ya ku Rosettenville amene anagwira handibuleki ya Beetle yanga

Achimwene, ndalemba pagulu pano chifukwa foni yanga simukuyankha, ndipo mauthenga a pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala chete. Dzina la galaja sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Masabata atatu apitawo ndinakubweretserani Volkswagen Beetle yanga ya 1974, yobiriwira ija. Galimoto imeneyi anandisiyira abwana amene ndinawalimira maluwa zaka 11 ku Kensington, ndipo ndimaisamala ngati mwana. Ndi ya zija zinkapangidwa ku Uitenhage, tauni ya konkuno ku South Africa, mpaka 1979, choncho si makaniko aliyense angaigwire. Ndinalambalala magalaja ambiri kubwera kwa inu chifukwa ndinu akwathu, ndinkati kuno ku Joni munthu woyankhula naye chinenero chimodzi sangandigwetse m'mavuto.

Vuto linali handibuleki basi. Munandiuza nokha kuti Beetle ili ndi makebulo awiri, tayala lililonse lakumbuyo yakeyake, ndipo ikatha imodzi ndi bwino kusintha onse. Ndinavomera, ndinalipira marandi 1,800, pa lisiti munalembapo makebulo awiri. Lisitilo ndili nalo.

Lamlungu ndinapita kwa alamu anga ku Kensington komweko, kumene misewu yake ndi yotsetsereka. Ndinaima pageti, ndinakoka handibuleki mpaka inafika kumapeto, ndinatsika kuti nditsegule. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 anali pampando wakumbuyo. Ndikungogwira loko, ndinamva akukuwa kuti “Adadi!” Potembenuka, galimoto ikubwerera yokha chafutambuyo. Ndinaithamangira, koma inakaima itagunda mpanda wa eni nyumba ya kutsidya. Bampala inapindika, galasi la nyali yakumbuyo linasweka. Mwanayo sanavulale, koma mpaka lero akukana kukwera. Mwina munena kuti ndikanaisiya mu giya. Injini inali ikulira, achimwene, ndipo handibuleki ntchito yake ndi imeneyo.

Madzulo omwewo ine ndi alamu tinavundukula kalabala kamene kamaphimba tsinde la handibuleki pakati pa mipando. Nsonga za makebulo zimatulukira pamenepo. Ya kumanja inali yatsopano, yonyezimira. Ya kumanzere inali yakale yomwe ija, yadzimbiri, ndipo manati ake munawamanga mpaka ulusi kutha kuti ioneke ngati yakoka. Aliyense wodziwa Beetle amayamba wasendeza mabuleki a m'dilamu (chitsulo chozungulira chimene tayala limamangidwapo), kenako n'kumanga makebulo, ndipo handibuleki imagwira ikangolira katatu kapena kanayi. Yanga imalira kasanu ndi kanayi, tayala lakumanzere n'kumazungulirabe ndi dzanja galimoto ili pa jeke.

Chimene chandilanda tulo ndi china. Titachotsa chivindikiro cha tayala lakumanja, pa nati yaikulu ija ya 36 mm imene imagwira dilamu, pamalo pa pini yake tinapezapo msomali wopindidwa. Msomali wa denga! Natiyo ikamasuka, dilamu ndi tayala zimachoka limodzi. Ine ndakhala ndikuyenda pa msewu waukulu wa M1 ndi banja langa, tayala litadalira msomali.

Ndikudziwa ena amaganiza kuti ife obwera timaopa kukadandaula ku maofesi. Lamulo la dziko lino la Consumer Protection Act la 2008 limati chipangizo chimene makaniko waika, pamodzi ndi ntchito yake, chili ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Limatinso zitsulo zakale zimene zachotsedwa azibwezere mwini galimoto. Tsiku lija nditafunsa makebulo akale, mnyamata wanu anati anatayidwa. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake: mukanandionetsa imodzi yokha.

Ndikufuna muike kebulo yachiwiri imene ndinalipira kale, musendeze mabuleki bwinobwino, muchotse msomaliwo muikepo pini yeniyeni ine ndikuona, ndipo tikambirane za bampala, nyali ndi mpanda wa anthu aja, amene akudikira yankho kwa ine. Galimoto sindiiyendetsa kubwera kumeneko ili chonchi, mubwere nokha ndi zida zanu. Ili pabwalo pa alamu, taiikira njerwa kumatayala. Likadutsa Loweruka musanandiimbire, Lolemba ndikutumiza lisiti ndi zithunzi zonse ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi yomva madandaulo a zagalimoto.