Ndalama ndinalipira kalekale koma galimoto ikadali pa IT

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pano, apo ayi BP indimaliza. Ndinaitanitsa ka Sienta kanga ku Japan, kanatsikira pa Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, duty ndinalipira yonse mpaka thumba kuchita kuti mbee. Chinatsala n'kulembetsa basi kuti ndichotse nambala ya IT yongolowera nayo m'dziko, ndipatsidwe blue book ndi nambala ya ZA ngati anzanga, ndiyambe kunyamula anthu apa Matawale ngongole ya banki mkhonde ibwezedwe.

Lolemba ndinalawirira ku ofesi yolembetsa galimoto ija. Anandipatsa kapepala, akuti kalipireni ku banki. Ndakwera kabaza, ndaima pa mzere mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndalipira, silipi adinda. Kubwerera ku ofesi kuja bambo wa pa windo osadzutsa n'komwe mutu, maso ali pa foni, akuti "sisitemu sinaonetse, mubwere mawa." Lachiwiri netiweki palibe. Lachitatu netiweki ilipo koma bwana wosayinira apita ku maliro. Lachinayi akuti bwererani ku banki mukafunse, ku banki nako akuti ife kwathu ndalama inatuluka kalekale. Ndiye ili kuti? Yagwera mu Likangala ili pa ulendo? Silipi ija pano yachita kufewa ndi thukuta la m'thumba la shati, chidindo chayamba kufufutika, mawa adzati n'chabodza.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Pansi pa mtengo panja paja pali madobadoba, mmodzi anandilondola mpaka pa geti akuti "biggie tipatseni kangachepe, lero lomwe zitheka." Ine ndinakana, mwina ndiye uchitsiru wanga. Mnyamata wina amene tinali limodzi pa mzere Lolemba anavomera, pano galimoto yake ikuyenda ndi nambala, dzulo anandiimbira huta pa Chinamwali. Netiweki yathuyi ndi yophunzira bwanji, imazindikira nkhope!

A Nduna oona za mtengatenga, a MP athu, inunso a ACB, mumadutsako m'maofesi amenewa kapena mapepala anu amakupezani kunyumba? Munthu wagalimoto m'dziko muno ndi ng'ombe yamkaka. Duty, kulembetsa, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino), inshuwalansi, levy pa lita iliyonse ya petulo, ukapita ku Lilongwe pa Chingeni ulipire, pa Kalinyeke ulipirenso, koma msewu wa kwathu kuno maenje ake mwana akhoza kusambiramo nthawi ya dzinja, ma shock sachedwa kutha.

Mayunitsi a magetsi timagula pa Mpamba kapena Airtel Money tili chogona, meseji n'kubwera pompo. Chitani zomwezo basi, munthu alipire pa foni, aonetse meseji pa windo, atenge blue book yake azipita. Ndipo madobadoba aja achotseni pansi pa mtengo paja. Lolemba ndikubweranso ndi silipi yanga, 7 koloko ndili pa geti.

Wotopa ndi mizere,
Matawale, Zomba