Mbale yoyera siyokwanira kumeneko

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Mangochi tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba ngati utaka pathandala. Amayi ako akupereka moni.

Unandiuza pafoni kuti abwana ako kuJohannesburg anakuitanira chakudya kunyumba kwawo, iwe n'kuseseratu mbale, n'kungoti "thank you", mpaka mayi wapakhomopo kufunsa ngati sichinakukomere. Sunalakwe. Kwathu kuno wophika amayang'ana mbale, ikabwerera yoyera mtima wake pansi. Anzathuwo amadikira mawu apakamwa. Ndinaziona zaka zonse zija ndinkaperekera zakudya pahotela ina njira ya ku Monkey Bay.

Ukangolawa kawiri katatu, nena kuti "This is delicious." Basi, watha ntchito. Chimene umachikonda masiku onse, monga mpunga, unganene kuti "I love rice" kapena "I'm fond of rice."

Koma "kukoma" kwathuku usakusandutse "sweet". Kwa iwo mawu amenewa ndi a zotsekemera zokhazokha: shuga, uchi, nzimbe. Ukati nyama ili "sweet", wophika ayesa kuti wathira shuga m'malo mwa mchere. Iwe amene unkanyambita shuga m'chitini amayi ako akapita kumsika, ako ndi awa: "I have a sweet tooth."

Mawu ena amaopsa kumva. Tsiku lina ndinaperekera chambo chowotcha kwa mayi wina wa ku England. Analawa, n'kutsinzina, amvekere "This is to die for!" Ine ndinangotolapo "die". Ndinatsomphola mbale ija liwiro la kukhitchini, poganiza kuti nsomba inagonera kapena munga wawatsamwitsa. Potembenuka, mayi aja ali pambuyo panga, foloko ili m'manja, akufuna chambo chawo. Kani amatanthauza kuti chakoma mosasimbika. Anzanga ananditcha Dayi mpaka tsiku lomwe ndinapuma ntchito.

Usanamizire kukonda. Ukanena kuti "I can't get enough of it" pa chinthu chimene ukumeza mokakamiza, adzakuphikira chomwecho ulendo uliwonse. Chikakukanika, mwaulemu umati "It's not really my cup of tea", ngakhale patebulo palibe tiyi. Ukakhuta, "I'm full, thank you."

Amayi ako amanga kaphukusi ka usipa wouma, tipatsira mnyamata wa kwa Mpondasi amene akunyamuka Loweruka. Ukazinge bwinobwino ndi tomato, uwapatseko abwanawo alawe. Undiuze mawu amene atuluke pakamwa pawo.

Ndine,
Bambo ako