Pa pulogalamu ya rumba tiikireniko Celia Cruz

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kwa anzathu oulutsa mawu pa wailesi. Rumba ndinayamba kuimvera pa mbale za galamafoni, ndipo mpaka lero Loweruka madzulo ndimakhala pakhonde, wailesi ili pamwendo. Franco amamveka, Tabu Ley amamveka, koma mayi Celia Cruz a ku Cuba sindinawamvepo n'kamodzi komwe. Chaka cha 2025 akanakwanitsa zaka 100. Ndinatchera khutu, koma kunali zii.

Wina afunsa kuti mayi oimba Chisipanishi akutikhudza bwanji. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni kanema wa ku Kinshasa wa 1974, wa chikondwerero chija chomwe chinatsogolera nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman. Mayiwa ali pa nsanja ndi gulu la Fania All-Stars, diresi la mitundumitundu likuuluka, kukamwa kuli mwee, mawu ngati lipenga. Ndinamuuza mwanayo abwezenso katatu, mpaka anayamba kudandaula za bandulo yake. Magitala a ku Congo amene timawakondawa anaphunzira zambiri pa mbale za ku Cuba zomwe zinkagulitsidwa ku Léopoldville (dzina lakale la Kinshasa) m'zaka za m'ma 1940, ndipo ng'oma za ku Cubako zinapita ndi akapolo ochokera kuno ku Africa. Ndi pachibale.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi china. Mayiwa anachoka ku Cuba mu 1960 ndi gulu la La Sonora Matancera, boma la Fidel Castro n'kuwatsekera khomo. Mayi awo owabereka atamwalira mu 1962, sanaloledwe kukaika maliro. Ife amene tinakula nthawi imene ena ankathawira ku Zambia ndi ku Tanzania, n'kumamva za maliro a kwawo pa kalata, ululu umenewu tikuudziwa. Komabe mayi Cruz anapitiriza kuvinitsa anthu, uku akufuula "Azúcar!", kutanthauza shuga.

Mu 1990 anakaimba ku malo a asilikali a America ku Guantánamo, pa chilumba cha Cuba, n'kutapako dothi la ku Cuba. Atamwalira pa 16 July 2003 ndi khansa ya mu ubongo, dothilo analiika m'bokosi mwawo ku manda a Woodlawn ku New York. Mu 2024 dziko la America linaika nkhope yawo pa ndalama yachitsulo ya masenti 25.

Sindikupempha ola lathunthu ayi. Nyimbo imodzi yokha pakati pa Franco ndi Tabu Ley, Loweruka likubwerali. Mabatire ndagula kale.

Wokonda rumba,
Zingwangwa, Blantyre