Kalata kwa a Mwale ku Joni: za woyima naye pulezidenti

Kasungu, Novembala 2025

A Mwale, bwenzi langa,

Kalata yanu yafika ndi mwana wa a Chisale, pamodzi ndi nsapato za mayi anu, zomwe akuti zawathina. Kuno tilipo, kaya inu kumeneko. Funso lanu landiseketsa. Zaka zonsezi mumakangana zandale ndi anzanu ku Joniko mpaka mawu kusasa, koma mukuganizabe kuti woyima naye pulezidenti amasankhidwa ku konvenshoni? Ayi achimwene. Konvenshoni imasankha mtsogoleri wa chipani ndi achiwiri ake a m'chipanimo. Woti dzina lake likhale pa pepala lovotera amasankha yekha mwiniwake, ndipo kawirikawiri dzinalo timalimva tsiku lokapereka zikalata ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Gawo 80 la malamulo aakulu a dziko limangoti pa tsikulo atchule amene adzakhale wachiwiri wake akapambana. Silinena kuti afunse munthu. Chaka chino ku holo ya BICC ku Lilongwe a Chakwera anatchula a Vitumbiko Mumba, chonsecho wachiwiri wawo woyamba m'chipani ndi mayi Catherine Gotani Hara. A Mutharika ali ndi achiwiri a m'zigawo m'chipani chawo, koma anawalumpha onse n'kutenga mayi Jane Ansah.

Maina akayamba kutchulidwa m'nyumba mwa bwanayo, oyamba kuwasefa ndi maloya. Munthuyo akhale Mmalawi wobadwa kapena wamakolo a kuno, wa zaka 35 kupita m'tsogolo. Asakhale woti khoti linamugamula kuti walephera kubweza ngongole, kapena linamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Msilikali ndi wapolisi saloledwa, wogwira ntchito m'boma ayambe watula pansi. Apa sipavuta kwenikweni.

Povuta ndi pa masamu. Chiyambire chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo palibe chigawo chimene chingamupatse munthu theka chili chokha. Tsono amayala mapu a Malawi n'kufunsa kuti mavoti athu athera pati, ndipo angatiwolotse ndani. N'zakale zimenezi. A Muluzi a ku Machinga anatenga a Justin Malewezi a ku Ntchisi mu 1994, pomwe Kamuzu wathu wa kuno ku Kasungu anatenga a Gwanda Chakuamba a kuchigwa cha Shire. A Chakwera mu 2014 anayang'ana kumpoto n'kutenga a Richard Msowoya, mu 2019 anatembenukira kuchigwa n'kutenga a Sidik Mia. Chipembedzo nachonso amachiwerengera, ngakhale sanena pamsonkhano: Bingu, Mkatolika, anayima ndi a Cassim Chilumpha, Msilamu, mu 2004. Amawerengeranso amayi, poti ndiwo ambiri m'kaundula wa ovota, komanso achinyamata. Ndiye chifukwa chake a Peter Mutharika mu 2014 anakatenga a Saulos Chilima ku Airtel, munthu yemwe anali asanayimepo pa chisankho chilichonse. Pali nkhani ya thumba. Kampeni imadya mafuta, nsalu, matisheti ndi ndalama za omonita pa senta iliyonse, ndiye amene angabwere ndi galimoto zake amayamba kale ali patsogolo.

Njira ina ndi ya mgwirizano wa zipani, pomwe mpandowo umakhala malipiro. A Chakuamba ndi a Chakufwa Chihana mu 1999 zinali choncho, a Chakwera ndi a Chilima mu 2020, a Mutharika ndi a Atupele Muluzi chaka chomwecho. Ndipo musaiwale mpando wa wachiwiri wachiwiri. Uwu sauvotera, pulezidenti amachita kupereka, koma lamulo limati usapite kwa munthu wa chipani chake. Ndi umene a Chakufwa Chihana anakhalapo, ndipo lero pali mwana wawo, a Enock Chihana.

Kubisa dzina mpaka tsiku lomaliza kuli ndi chifukwa. Akuluakulu olumphidwa amakwiya, ndipo ukawauza msanga amakhala ndi nthawi yothawira ku chipani china ndi anthu awo. Mayi Joyce Banda atasiya a Khumbo Kachali n'kutenga a Sosten Gwengwe mu 2014, a Kachali sanawachitire kampeni. A Msowoya atalowedwa m'malo ndi a Mia anakathera ku UTM.

Pano ndiyambe ndadandaula za kuno. Feteleza sakugwirika, achimwene. Nazale za fodya za a Banda zikupsa ndi dzuwa chifukwa chitsime cha kudimba chaphwa, akutunga madzi ku mjigo ndi ngolo, ndipo amayi a pamjigopo akukangana nawo m'mawa uliwonse. Magetsi akangozima chigayo chimaima, Nachisale wabwerako kawiri ndi chimanga chake pamutu. Tayala la njinga munalonjeza lija silinaoneke. Kodi ku Joni kulibe matayala, kapena randi imakoma m'thumba mwanu mokha? Iya, Chikondi wabereka mapasa sabata yatha, onse ali bwino.

Tsono chimene chikundisowetsa tulo ine ndi ichi. M'masamu onsewa, funso loti kodi munthuyu angalamulire dziko mawa m'mawa limabwera kumapeto, nthawi zina silibwera n'komwe. M'malo mwake amafunsa kuti kodi sadzandiposa? Ofuna mavoti amatenga munthu wamphamvu, oopa kuphimbidwa amatenga munthu wofatsa yemwe ambiri sakumudziwa, ngati mmene dziko linadabwira ndi dzina la a Everton Chimulirenji mu 2019. Koma lamulo silisamala kuti unamutenga chifukwa chiyani. Akangovoteredwa limodzi, pulezidenti sangamuchotse ntchito ngati nduna. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi kwa zaka zisanu, ina ikakokera kwina ngolo imalowa m'ngalande. Kumuchotsa n'kudzera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse. Bingu anayesa kunena mu 2006 kuti a Chilumpha atula okha udindo posabwera ku ntchito, koma anakhalabe wachiwiri mpaka 2009. Mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010, nayambitsa chipani chawo, ali pampando womwewo. A Chilima anachoka mu DPP mu 2018 n'kupikisana ndi bwana wawo, akadali wachiwiri wake. Chimene pulezidenti angachite n'kumulanda unduna, kusamutuma ntchito ndi kumuchepetsera ndalama za ofesi. Wovutika ndi ife, poti msonkho wathu ukulipira ofesi yomwe yangokhala.

Ndiye ganizirani za pa 5 Epulo 2012. Bingu wagwa ku nyumba ya boma ku Lilongwe, dziko lakhala masiku awiri osauzidwa zoona, nduna zina zikufunafuna njira yoti mayi Banda asalowe chifukwa sali m'chipani cholamula. Gawo 83 ndi lomwe linatipulumutsa, limati pulezidenti akamwalira wachiwiri amalize zaka zotsalazo, ndipo analumbira pa 7 Epulo. Munthu yemwe anatengedwa mu 2009 kuti akope mavoti a amayi ndi a ku Zomba, ndiye anatenga dziko lonse. Zikatembenuka, wachiwiri n'kukhala womwalirayo, ngati mmene tinalirira a Chilima ndege itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, pulezidenti amangosankha wina popanda voti, ndipo ndi mmene a Michael Usi analowera. Mukuona? Mpando umene ungasanduke upulezidenti usiku umodzi umaperekedwa ndi munthu mmodzi, m'chipinda, ndi alangizi ochepa omwe nawonso akuufuna. Ine ndikanakonda zipani zikanalemba m'malamulo awo kuti dzinalo lizidutsa ku komiti yaikulu mwezi wathunthu zikalata zisanaperekedwe, anthu alisinkhesinkhe, atolankhani amufunse mafunso. A Phiri a kusukulu akuti zimenezo zingagawe chipani nthawi ya kampeni. Ndawayankha kuti chimagawikabe, kungoti chimagawikira m'boma, pomwe tonse tili m'katimo.

Pepala latha, ndipo mwana wa a Chisale akunyamuka mbandakucha. Mayi anu akuti nsapato zikhale saizi 7, osati 6. Za mgwirizano wobisika womwe akuti a Chakwera ndi a Chilima anasainirana mu 2020, zomwe munafunsa kumapeto kuja, vuto lake n'lakuti pangano lotere lamulo sililidziwa.