Lipoti la msonkhano wa ojambula zithunzi za mitengo ndi nkhalango

Kwa Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a kalabu yathu,

Monga munanditumira, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa ojambula zithunzi za chilengedwe umene unachitikira ku Zomba. Za ndalama zoyendera ndapereka kale kwa msungichuma, choncho pano ndingofotokoza phunziro limene linatenga nthawi yaitali, lokhudza kukoleza mitundu ndi kunola chithunzi cha mitengo pa kompyuta.

Mphunzitsi anayamba ndi mitengo ya mombo ndi tsamba, imene imaphukira masamba ofiira cha mu Ogasiti ndi Seputembala mvula isanagwe. Ambiri a ife tikajambula phiri lotere timathamangira kukweza Saturation (chida chokoleza mitundu yonse pamodzi) kuti kufiira kuja kuonekere, koma iwo anationetsa kuti apa ndi pamene chithunzi chimaonongekera. Chithunzi cha JPEG chimasunga mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu pa masitepe 256 okha uliwonse, ndipo wofiira ukagunda pa 255 sungakwerenso, kotero masamba amene anali osiyana kufiira kwake amangosanduka chigamba chimodzi ngati penti wotayika. Atakulitsa chithunzi pakhoma, tinaona kuti mitsempha ya tsamba inazimiririka pamene kumwamba ndi makungwa zinkaoneka bwinobwino. N'chifukwa chake anatilangiza kujambula mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yagwira) ndi kuyang'ana histogram (galafu yoonetsa kuwala ndi kuda kwa chithunzi) ya mtundu uliwonse paokha.

Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom anati ndi bwino kuyamba ndi Vibrance, imene imakoleza kwambiri mitundu yofooka n'kusiya imene yakolera kale, kenako kupita ku HSL kukakonza mtundu umodziumodzi. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti masamba obiriwira amasintha kwambiri ukagwira wachikasu kusiyana ndi wobiriwira weniweniwo. Komabe mankhwala enieni ali kutchire: tsamba limanyezimira likawombedwa ndi dzuwa, ndipo fyuluta ya polarizer imachotsa kunyezimirako kuti mtundu wake uoneke wokha, ngakhale imachepetsa kuwala kolowa mu lenzi moti nthawi zina kamera imafunika kuikidwa pa choimikira cha miyendo itatu.

Pa za kunola, chitsanzo chinali mlambe wopanda masamba wojambulidwa moyang'ana kumwamba. Kompyuta siionjezera kanthu kamene lenzi sinagwire. Imangodetsa mbali imodzi ya mzere n'kuwalitsa inayo. Ukapyola muyeso, nthambi iliyonse imazunguliridwa ndi kamzere koyera, ndipo pa mtengo wa nthambi zambirimbiri chithunzi chonse chimaoneka chokhakhala. Anati pa masamba ndi timitengo ting'onoting'ono Radius (kukula kwa mzere wonoledwa) isapitirire 1, chithunzi chizionedwa pa 100% pokonza, ndipo munthu azisindikiza batani la Alt pokoka Masking (chida chosankha malo onoledwa) kuti aone malo amene akunoledwa, amene amaoneka oyera, n'kusiya kumwamba kuli kwakuda. Masamba ogwedezeka ndi mphepo sangakonzeke, chimodzimodzinso kufewa kobwera chifukwa chochepetsa kwambiri chibowo cha lenzi mpaka f/22, kapena utsi wa moto wolusa umene umaphimba mapiri athu mu Okutobala. Kunola komaliza kuchitike chithunzi chitachepetsedwa kale, makamaka chopita pa Facebook kapena WhatsApp, kumene chimakafinyidwanso.

Panabuka mtsutso pamene ena ananena kuti ogula amakonda mitundu yolimba, ndipo anakumbutsa kuti filimu ya Fujifilm Velvia, imene inatuluka mu 1990, inatchuka pakati pa ojambula mapiri ndi nkhalango pa chifukwa chomwechi. Sitinamvane chimodzi. Maganizo anga ndi akuti mfundoyi ili ndi nzeru pa chithunzi chopachika m'chipinda cha alendo, koma zithunzi zathu zambiri zimapita kwa a zankhalango ndi kusukulu, kumene munthu ayenera kuzindikira mtengo pouona, ndipo mombo wofiira mopyola muyeso suwathandiza.

Ndikupempha komiti kuti iganizire zogula polarizer imodzi yoti tizibwerekana, titayamba tafufuza kukula kwa malenzi a mamembala. Amene alibe Lightroom asadandaule, pakuti darktable ndi RawTherapee ndi zaulere ndipo zimagwira ntchito zomwezi. Ngati Wapampando angalole, pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi chithunzi chimodzi cha mtengo chosakonza kuti tidzayesere limodzi.

Ine nthumwi yanu.