Kodi mwana wopanda chitupa asadye?

A Mkonzi,

Ndikulemba kalatayi mtima ukuwawa chifukwa cha zimene ndinaona Lachinayi lapitali pamsasa wa anthu othawa madzi osefukira, pasukulu ina ya pulayimale kwathu kuno, kumene ife amayi a mpingo timakaphika phala la ana.

Tsikulo kunabwera lole ya ufa ndi mabulangete. Pamzere panali kamtsikana ka zaka pafupifupi 11, katabereka mng'ono wake ndi chitenje chong'ambika, mlongo wake wamng'ono atakagwira siketi. Mayi awo anapita ku Joni kalekale ndipo samveka, pomwe agogo amene amawalera ali m'chipatala. Kanaima padzuwa kuyambira m'mamawa mpaka cha m'ma 2 koloko masana, ndipo katafika patebulo, bambo wa komiti amene anagwira kaundula anakauza kuti katunduyo ndi wa mitu ya mabanja yokhala ndi chitupa cha unzika, choncho kapite kakaitane munthu wamkulu. Kanachoka osalira n'komwe, kakupukuta mamina a mwanayo ndi nsonga ya chitenje.

M'Malawi muno chitupa cha unzika munthu amalandira akakwanitsa zaka 16. Kodi bamboyo amafuna kuti mwanayu akachitenge kuti? Kapena kwatuluka lamulo latsopano, limene ife akumudzi sitinalimve pa wailesi, loti njala iziyamba kuluma munthu akakwanitsa zaka 16? Chopweteka kwambiri n'chakuti m'mawa mwa tsiku lomwelo ana omwewa anali ofunika zedi. Alendo ovala bwino anawaimika kutsogolo, n'kuwagwiritsa thumba la ufa, n'kuwauza kuti amwetulire, ndipo atajambula mokwanira thumbalo linabwerera pamulu. Pa Facebook ana amenewa analandira kale, ndipo akhuta.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limapatsa mphamvu wapolisi, mlangizi wa chisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba, yotenga mwana wosowa womusamalira n'kumuika pamalo otetezeka, ndipo nkhani yake iyenera kufika kukhoti la ana pasanathe maola 48. Ana awa atha masabata awiri akugona pakona ya kalasi, pansi pa bolodi, m'chipinda chimodzi ndi akuluakulu osawadziwa, ndipo usiku kamtsikanako kamapita kokha kuchimbudzi mumdima popanda woperekeza. Maola 48 aja, ngati masamu anga sakundinamiza, apita kasanu ndi kawiri, koma palibe amene walemba ngakhale mayina awo.

Kodi namondwe Freddy sanatiphunzitse kanthu? Mu Malichi 2023 anthu opitirira 1,000 anatisiya ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Tonse tinaona ana a ku Chilobwe amene makolo awo anakwiriridwa ndi matope ochokera kuphiri la Soche, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuyambira pamenepo misonkhano yokambirana za ufulu wa ana yakhala ikuchitika m'mahotela a kunyanja, ma alawansi akugawidwa, ma T-shirt akusindikizidwa, koma kaundula wapamsasa akadali yemweyo wosadziwa kuti banja lingathe kutsogoleredwa ndi mwana. Ana a m'misewu ya ku Limbe nawo timangowakumbukira tsiku limene tikufuna kuwasesa.

Ndikupempha akuluakulu oona za ngozi ndi oona za ana kuti pamsasa uliwonse kaundula akhale ndi tsamba la ana opanda wamkulu, mfumu isankhe mayi wodalirika woti aziwasainira ndi kugona nawo, ndipo wa komiti amene zamusokoneza aimbe 116, nambala yaulere yothandizira ana, m'malo mothamangitsa mwana. Pakadali pano ana atatuwa akudya phala lathu kamodzi patsiku, ndipo ufa wa mpingo utha Loweruka.

Mayi wokhudzidwa,
Chigwa cha Shire